Chiwala Wakana Kukhala Pansi

Kunyumba, 9 Januwale

Okondedwa bambo a Chiwala,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo nyanja sikukuzunguzani mutu m'khitchini yanu yogwedezeka ya m'sitimayo. Ife kuno tili bwino ndithu, kungoti mpope wa kubafa wayambanso kudontha. Mwininyumba akuti abwera sabata yamawa, monga momwe ananenera chaka chatha. Ndatchera ndowa, ndiye tsiku lonse imangodziimbira yokha.

Kuntchito zochapa zachuluka. Hotela ya kuseri kwa msika yayamba kutitumizira nsalu zawo zonse za pabedi, moti ndimasita mpaka dzanja kuiwala kuti ndi langa. Abwana agula simbi yatsopano ya nthunzi, yolira ngati mphaka wopondedwa mchira.

Koma nkhani yaikulu ndi mwana wanu. Sukulu zatsegulira, ndipo m'chaka chake chomalizachi wasankha kuvina kukhala limodzi la maphunziro olembera mayeso. Musaseke. Ndi phunziro lenileni, lili ndi pepala lolemba, komanso tsiku lina kudzabwera oyesa ochokera kunja kwa sukulu kudzawaona akuvina. Aliyense adzavina payekha, kenako m'gulu. Gulu lake ndi la ana asanu, ndipo gule wa gululo akupeka ndi iyeyo.

Mukuwakumbukira Madamu Pansi-Pansi, mphunzitsi wa zovina uja anayamba kumuphunzitsa akadali ku sukulu ya mkaka, wokuwa kuti "pansi, pansi!" kuti ana apinde mawondo? Akadalipo. Mutu wayera, koma mawu ndi omwe aja. Ndi iwo anamuuza kuti asiye kubisa mwendo waufupiwo. Ndiye gule wapekayu akutsata mayendedwe ake enieni, kuponda kwakutali kenako kwakufupi. Anzake anayi a miyendo yofanana thukuta kamukamu pofuna kumutsanzira, iye n'kumawafunsa kuti, "Kodi inu miyendo yanuyi inatani?"

Tebulo talikankhira kukhoma, pabalaza pasanduka holo. Agogo a m'nyumba ya pansi pathu amagogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache. Madzulo phazi lija limatupa pang'ono, amaliviika m'beseni la madzi ozizira uku akuwerenga. Nsapato yake yokweza ija yadyeka chidendene, ndakaisiya kwa wosoka nsapato.

Tiuzeni za inu. Chifuwa chija chinatha? Mufika liti padoko loti foni n'kugwira?

Ndine wanu,
Mayi a Chiwala


Kunyumba, 27 Januwale

Bambo a Chiwala,

Moni. Tonse tili bwino, koma kalatayi muiwerenge mutatsitsa mphika pamoto, chifukwa ndikufuna mumve bwinobwino.

Kusukulu kwabwera ahedi atsopano. Dzulo anandiitanitsa. Ndinapempha kuchoka kuntchito, ndinafika ndikununkha sopo, iwo anandikhazika pampando wofewa n'kundithirira tiyi. Munthu akakuthirira tiyi mu ofesi, dziwani kuti pali chimene akufuna kukulandani.

"Mayi, mwana wanu ndi wanzeru," anayamba choncho. "Koma tiyeni tiuzane zoona. Oyesa aja sabwera ndi chifundo. Akadzagwa pamaso pawo, manyazi adzakhala ake. Akadzavulala, mlandu udzakhala wa sukulu. Bwanji timusamutsire ku zosokasoka? Ndi ntchito yabwino, yokhala pansi."

Pepala anali atalemba kale. Cholembera anachiika pambali pa kapu yanga.

Ndinawafunsa kuti, "Ahedi, munamuonapo akuvina?"

Anati, "Ndamuona akuyenda."

Bambo a Chiwala, pamenepo ndinakweza maso. Kumbuyo kwawo, pakhoma, apachika chipepala chachikulu cha mzere wofiira woonetsa mmene sukulu imakhozera mayeso chaka ndi chaka, ndipo polankhula ankachiyang'anayang'ana. Si phazi la mwana wathu limene akuliopera. Akuopa kuti mzere wawo wofiira uja ungatsike.

Ndinawabwezera cholembera chawo. Ndinati mwanayu wavina pasukulu pano kuyambira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo sindidzasaina. Tiyi ndinamusiya wodzaza.

Pali chimodzi chimene ndinalakwa. Potuluka anandifunsa ngati akungocheza kuti bambo ake amagwira kuti, ine n'kutchula kampani ya sitima yanu. Ndinazindikira kulakwa kwanga ndili m'basi. Akakulemberani, chonde musayankhe. Mundifunse ine kaye.

Chiwala sindinamuuze. Panopa ali pabalaza, akuwerengera nyimbo, ndipo agogo apansi ayambapo kale ndi tsache lawo.

Ndine,
Mayi a Chiwala


Padoko, 20 Febuluwale

Mayi a Chiwala wanga,

Moni wochokera pamadzi! Muli bwanji nonse? Ine ndili moyo, chifuwa chinatha, ndipo ndanenepa, poti wophika salawa ndi maso. Tafika padoko dzulo titayenda masabata ambiri osaona ngakhale mtengo umodzi. Tingoima pang'ono, ndipo foni yanga yakana netiweki ya kuno, ndiye mundilandire papepala.

Kalaliki wa kampani wandipatsa makalata awiri: yanu ya pa 9 Januwale, ndi ina yochokera kwa ahedi a sukulu ya mwana. Yanu ndaiwerenga chiimire, anyezi akupserera m'poto. Za ndowa yoimba ndaseka mpaka wondithandiza kukhitchini anabwera kudzasuzumira. Koma nditafika poti phazi likutupa, kuseka kunatha. Mwazilemba ngati nkhani yaing'ono, mwaziika pakati pa tsache la agogo ndi chidendene cha nsapato. Ine ndikukudziwani. Chinthu chikakuopsani mumachibisa pakati pa nthabwala.

Nditatsegula ya ahedi ndinamvetsa zonse. Munthuyu walemba mwaulemu kwambiri. Akuti mwana akudzipweteka, akuti inu mtima wanu waumayi ukukulepheretsani kumuletsa, ndipo pakufunika mawu a bambo. Ndawayankha lero lomwe, ndasaina, kalata yapita limodzi ndi inoyi. Amuchotse ku zovina, apite ku zosoka.

Musandithokoze. Ndachita izi kuti inu musakhale woipa pamaso pa mwana. Akwiyire ine. Ndili kutali, mkwiyo wake pofika kuno udzakhala utazizira m'njira.

Ndine ndinkamunyamula paphewa kupita naye kuchipatala kukasintha pulasitala, kaphazi kali kopindika ngati kambatata. Ndine ndinamutcha Chiwala, tsiku limene anadumpha koyamba kuchoka pamkeka kufika pamwendo panga. Phazi limenelo tinalivutikira, ndipo sindilola kuti lithere pasimenti chifukwa cha malikisi. Avine pabalaza, avine akasangalala, koma za mayeso ayi.

Mumuuze kuti ndamugulira wailesi yaing'ono yokongola. Mpopewo muuzunguze ndi mphira ya tayala, ugwira mpaka ndidzabwere.

Wanu wokukondani,
Bambo a Chiwala


Kunyumba, 6 Malichi

Adadi,

Amami akuti kalata imayamba ndi moni. Moni.

Lachiwiri ahedi anandiitana ku ofesi, anaitananso Madamu. Anatulutsa kalata yanu n'kuiwerenga pang'onopang'ono ngati akumung'unya switi. Ndinazindikira zolemba zanu ndili kuno kwa tebulo. Atafika pa mawu akuti "mwana wanga ndi wosalimba" anawabwereza, kuopa kuti mwina sindinamve.

Mawu amenewo ndi anu, Adadi? Wosalimba?

Ndikuuzeni za mwana wosalimbayo, popeza tchuthi chanu chimafika nthawi zonse sukulu zitatseka ndipo simunamuonepo akuvina. Ku mkaka Madamu anandiphunzitsa kugwa. Inde, kugwa, anati munthu amene sadziwa kugwa sangadumphe. Ku pulayimale ndinaphunzira kumva nyimbo ndi thupi lonse, ndinabenthuka dzino ili mumalifunsa lija, tsiku lomwelo ndinabwerera pamzere. Ndili m'kalasi lachisanu anyamata ankanditsanzira kuyenda, ine ndinatenga kutsanzira kwawoko n'kukusandutsa gule, ndipo anasiya chifukwa sankatha kufika kumapeto. Ku sekondale ndaphunzira mayina a minofu ndi mafupa onse a m'mwendo, ndaphunzira kulemba gule papepala kuti munthu wina akavine ine kulibe, ndaphunzira kuimika anthu asanu m'holo kuti maso a woonera apite kumene ine ndikufuna. Zaka zonsezi ndimakwera masitepe amodzi, ndipo pa sitepe yomaliza mwandikoka diresi muli pakati pa nyanja.

Bwanji simunandifunse? Ndimadziwa kulemba. Phazili lili pa mwendo wanga, si pa wa ahedi.

Panopa andiika ku zosoka. Mukudziwa chimene andipatsa? Makina opondera. Opondera ndi phazi, Adadi. Phazi lomwelo mukuliteteza lija. Nditawaonetsa aphunzitsi a zosoka, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati pepa.

Tsiku la ku ofesi lija, Madamu anandiperekeza mpaka pakhomo. Titatuluka anangondigwira paphewa n'kunena kuti, "Msana uwongoke." Ndinawongola.

Wailesi ija mupatse wina. Sindikulemba kuti ndikupempheni kanthu. Ndikungokudziwitsani kuti sindisiya.

Mwana wanu,
Chiwala


Padoko, 2 Epulo

Kwa mayi ndi mwana,

Moni nonse awiri, ngakhale ndikudziwa kuti moni wanga sakulandiridwa. Kuno netiweki ilipo. Ndaimba dzulo, ndaimbanso lero, foni ikungolira. Ndikudziwa kuti ili patebulo ndipo mukuiyang'ana.

Mayi a Chiwala, kalata yanu ya pa 27 Januwale ndailandira dzulo. Inapita ku doko limene tinalidumpha chifukwa cha mphepo, ndipo yakhala ikundithamangitsa nyanja yonse. Ndikanaiona nthawi yake, ndikanakufunsani kaye, zimenezo ndikuvomera. Ahediwo anandinamiza ponena kuti mukulephera kulankhula. Munthu amene anakuonani mukukangana ndi mwininyumba sanganene choncho.

Koma kuti munthu wabodza wanena kuti kunja kukugwa mvula sizitanthauza kuti kuli dzuwa. Phazi likutupa kapena silikutupa? Munalemba nokha.

Chiwala, mwana wanga, kalata yako yandilasa, ndipo ndaiwerenga mobwerezabwereza. Iwe ukuona mayeso a mu Juni. Ine ndikuona mayi wa zaka makumi anayi amene akulephera kukwera basi. Uli wakhanda dokotala anatiuza kuti mfundo ya phazi lakolo idzatha msanga kuposa ya anzako. Iwe sunamve, unali kumbuyo kwa amako ukuyamwa chala. Ine ndinamva, ndipo mawuwo ndimayenda nawo. M'sitima muno munali mkulu wina wokonza injini, wamphamvu ngati ng'ombe, chiuno chinatha, tinamutsitsa pamachira. Thupi silimva kuti munthu ndi wolimba mtima.

Ndiponso tiuzane zoona: satifiketi ya kuvina udzalowa nayo mu ofesi ya ndani? Masamu uli nawo, sayansi uli nayo. Gwira zimenezo.

Mawu akuti "wosalimba" ndinalakwitsa. Ndimafuna kunena phazi, osati iwe. Koma kalata yanga kwa ahedi sindibweza. Udane nane lero, udzayende bwino mawa. Bambo amene amangovomera chilichonse kuti akondedwe si bambo.

Tinyamuka mawa. Mundilembere, ngakhale zonditukwana.

Bambo wanu


Kunyumba, 19 Epulo

Bambo a Chiwala,

Moni. Mwapempha nkhani, nazi nkhani.

Mwana wanu ku zosoka amapita, poti dzina lake lili kumeneko. Koma nyimbo ikangoyamba kuholo, amaimirira, amapinda nsalu yake bwinobwino, amati "pepani aphunzitsi," n'kutuluka. M'holo analetsedwa kulowa, ndiye salowa. Amavina pakhonde, kunja kwa mawindo, anzake anayi ali mkati akumuonera pagalasi kuti asasochere. Sabata yoyamba ana a pulayimale ankabwera kudzamuseka. Sabata yachiwiri anayamba kuima kumbuyo kwake n'kumatsanzira, khonde lonse kudzaza tiana tikuponda kwakutali, kwakufupi.

Ahedi anamuimitsa sukulu sabata yathunthu chifukwa cha kusamvera. Madamu anapatsidwa chenjezo chifukwa chotsegula mawindo. Atafunsidwa chifukwa chake anati, "Kunatentha."

Sabata imeneyo anzake ankabwera kunyumba akaweruka. Tsiku lina agogo apansi anakwera masitepe, tsache kumanja, kupuma kuli wefuwefu, kudzatithira mawu. Chiwala anawapatsa mpando kuti apume kaye. Anawo anapitiriza. Atamaliza, agogo analoza mnyamata wamtali wa m'gululo, amene anzake amangomutcha Mtali, n'kunena kuti, "Iwe ukuchedwa. Yambiraninso."

Tsopano za dokotala wanu. Popeza mukuyenda ndi mawu a munthu amene anaona phazili lili ngati kambatata, ndinapita naye kuchipatala kuti alione wina lili phazi la mtsikana. Tinapeza dokotala wamkazi. Analipinda, analijambula, anamuuza kuti aime ndi mwendo umodzi. Sindikunamizani, sananene kuti zonse zili bwino. Anati mfundoyo idzamuvutitsa akadzakula, avine kapena asavine. Anatinso minofu imene yaigwira mpaka lero ndi imene wailimbitsa povina. Anatiuza za kulipumitsa, za madzi ozizira ndi za nsapato ina. Kenako anamufunsa Chiwala, osati ine, kuti, "Iwe ukufuna chiyani?" Munthu woyamba kumufunsa chaka chino.

Ndinapita nawo mawu amenewa kwa ahedi. Anatsegula kabati n'kundionetsa envelopu yanu. "Ine ndili ndi mawu a bambo," anatero. Tiyi ulendo uno panalibe.

Mukufunsa ngati phazi likutupa. Likutupa. Miyendo yanganso imatupa tsiku lililonse pambali pa simbi, koma sindinamvepo kuti mwalembera abwana anga kuti ndikhale pansi. Inunso mawondo anu amalira pokwera masitepe, ndipo mukadali pamadzi. Tonse m'banja muno tikudya matupi athu kuti tikhale moyo. Iye yekha wapeza chinthu chodyera thupi lake chimene akuchikonda, ndiye chimenecho ndi chimene mwaletsa.

Mukuti munkamunyamula paphewa. Ndi zoona, ndinalipo, ndipo sindidzaiwala. Koma munaiwala kumutsitsa, bambo a Chiwala. Mwanayu anakula muli panyanja.

Mayina a olemba mayeso atumizidwa posachedwa. Sindikugwadirani. Ndakuuzani.

Mayi a Chiwala


Panyanja, 14 Meyi

Mayi a Chiwala,

Moni. Kalata yanu ndinailandira tikunyamuka padoko lapitali, ndinaiika m'thumba la epuloni ndili wokwiya, ndinati sindiyankha. Kenako tinalowa mu mphepo ya masiku angapo. Mapoto tinawamangirira, anthu ankadya buledi ndi nsomba za m'chitini, ine ntchito panalibe koma kugwira chitsulo ndi kuganiza.

Ndinakumbukira chaka chake choyamba ku mkaka, Madamu asanayambe kumuphunzitsa. Linali tsiku la makolo, ine ndisanayambe ntchito ya panyanja. Ana onse anavala mapiko a mapepala n'kumazungulira, koma wathu mphunzitsi anamukhazika pakampando pambali, n'kumupatsa kabelu kuti aziliza. Mukukumbukira? Analiza kamodzi, anayang'ana anzake, n'kuponya kabeluko pakati pa bwalo. Ine ndinapita kwa mphunzitsi uja. Anandiuza kuti amamuteteza. Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano, inu mukundikoka malaya.

Ndili chigwirire chitsulo chija ndinaona kuti mphunzitsi ameneyo tsopano ndine.

Mphepo itatha ndinakwera kwa kaputeni, epuloni ili m'khosi. Kumeneko wophika sapitako wamba. Ndinati ndili ndi uthenga wachangu wa kubanja. Anafunsa ngati kwagwa maliro. Ndinati ayi, ndi za kuvina. Ananditembenuzira kompyuta yake. Ndawalembera ahedi kuti kalata yanga yoyamba aing'ambe, mwana abwerere kumene anali.

Musaganize kuti mantha atha. Sanathe. Ndikaganiza za simenti ya pakhonde ija, mano amandiyayamira. Za satifiketi sindinasinthenso maganizo. Koma phazi ndi lake.

Mumuuze. Ine sindikudziwa poyambira.

Bambo a Chiwala


Kunyumba, 25 Meyi

Bambo a Chiwala,

Moni. Uthenga wanu unafika kusukulu. Ahedi anandionetsa atausindikiza papepala, n'kutambasula manja. Mayina anapita kale, akuti, ndipo iwo sangachitepo kanthu. Nkhope yawo inali ya munthu wopepesa, koma mwendo unkagwedera mosangalala pansi pa tebulo.

Sindinawakhulupirire. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kupita ndekha ku ofesi ya mayeso. Ndinaima pamzere mpaka masana. Mayi wa pawindo anafufuza ndithu, si kuti anandinyoza, koma anati zatsekedwa, tidzayese chaka chamawa.

Ndinamuuza Chiwala madzulo ali ndi phazi m'beseni. Ndinamuuzanso za inu ndi kaputeni. Ndimayembekeza misozi. Anangoti, "Chabwino," n'kufunsa ngati kwatsala chakudya. Atadya anakankhira tebulo kukhoma.

Sindikudziwa chimene akuganiza. Maso akewo ndi anu aja, a tsiku la kabelu.

Mayi a Chiwala


Kunyumba, 8 Julayi

Adadi,

Moni. Uno ndi moni weniweni, sanandikakamize amami. Muli bwanji? Mawondo?

Mayeso atha. Masamu anali bwino, sayansi tiona. Ku zosoka ndinasoka pilo yopindika ngati nthochi, aphunzitsi anati sanaonepo yotere chiyambire ntchito. Koma ndikudziwa kuti mukufuna kumva za tsiku lija.

Ndinapita. Dzina langa panalibe, koma palibe lamulo loletsa mwana wa sukulu kuima pakhonde la sukulu yake. Zovala zovinira ndinavala mkati mwa yunifolomu. Oyesa anabwera atatu, wamkulu wawo mayi wa magalasi amene sankamwetulira ngakhale pomupatsa moni. Ahedi anakhala pambali pawo. Mawindo anatsekedwa, makatani anakokedwa, ndiye ndinkangomva ndi makutu.

Ovina payekhapayekha anatha. Kenako ndinamva nyimbo yathu. Ndinkawerengera chamumtima. Pali malo ena pamene anayiwo amatseguka ngati chitseko kuti wachisanu adutse pakati, ndipo onse amatengera kuponda kwa iyeyo. Madamu anayesa kuwakonzera kuti avine popanda ine, koma pamenepo pankangokhala dzenje. Nyimbo itafika pomwepo, ndinamva mapazi asokonekera, kenako zii. Wina anazimitsa nyimbo.

Zotsatirazi ndinazimva bwino, chifukwa khutu linali pachitseko.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa mayi wa magalasi.

Anayankha ndi Mtali, mnyamata amene amaopa ngakhale belu. "Guleyu ndi wa anthu asanu, madamu."

"Wachisanu ali kuti?"

"Ali pakhonde."

Ahedi anati, "Ameneyo sali pa mayeso."

Mayi uja anati, "Bambo, ife masana tili ndi sukulu ina. Ana anayiwa sindingawayese akuvina ndi mphepo. Alowe atseke dzenjelo. Malikisi sitimupatsa."

Chitseko chisanatseguke n'komwe, yunifolomu inali kale pansi.

Adadi, sindingathe kukulemberani kuvina. Ndinayenda kuchoka pakhomo kufika pamalo panga, ndipo ndinaona cholembera cha woyesa wina chitaima m'mwamba poona mayendedwe anga. Ndinamusiya aone. Nyimbo inayamba. Anayiwo atatseguka ndinadutsa, ndipo ndinamva mapazi awo onse akugwera mu kuponda kwanga, holo yonse ikugunda mofanana ndi mmene ndayendera moyo wanga wonse. Podumpha komaliza ndinatera molakwika pang'ono, phazi linandibaya mpaka m'mutu, koma ndinapinda bondo n'kupitiriza, ndipo amene anazindikira ndi Madamu okha.

Titamaliza panalibe kuwomba m'manja, pa mayeso saomba. Mayi wa magalasi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake.

"Nambala yako?"

"Ndilibe."

"Guleyu anapeka ndani?"

"Ine."

Anatembenukira kwa ahedi. Ahedi anali otanganidwa ndi kuyang'ana kudenga. Anabwereranso kwa ine n'kunena kuti, "Ndiye wataya chaka, mtsikana."

Ndinati, "Sindinachitaye ndine, madamu."

Sanaseke, sanandikalipire. Anatseka cholembera chake n'kunena kuti, "Otsatira."

Basi. Palibe chozizwitsa chinachitika. Anzanga anayi adzalandira malikisi a gule wanga, ine pa satifiketi yanga padzalembedwa zosoka. Ndinalira m'chimbudzi cha atsikana, pang'ono, kenako ndinasamba kumaso.

Phazi linatupa ngati buledi. Nsapato inakana kulowa masiku angapo, ndinkapita kukalemba mayeso otsala nditavala patapata. Pamenepo munalondola, ndipo sindikubisirani. Ndabwerera kwa dokotala, ndikuchita zimene anandiuza, ndipo podumpha paja ndapasintha.

Madamu andipatsa ana a ku mkaka masana awiri pa sabata, poti iwo akuti mawondo awo atopa ndi kugwada. Ahedi sakonda, koma mphunzitsi wina wofuna kukwawa pansi ndi tiana ta mamina palibe. Dzulo ndimawaphunzitsa kugwa. Kamtsikana kena kanakana kudzuka, kakuti pansi m'pokoma.

Za kaputeni ndinamva. Zikomo. Amami akuti munakwera ndi epuloni, ndipo chithunzi chimenecho chimandiseketsa ngakhale ndisakufuna. Kukwiya sindinamalize, koma ndayamba kutopa nako. Wailesi ija, ngati simunapatse munthu, ana a ku mkaka alibe.

Tsopano mvetserani. Chaka chamawa ndidzalemba mayeso a zovina ngati wochokera kunja kwa sukulu. Ndafunsa kale ku ofesi. Mu Sepitembala ndikwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndiye pa pepalalo sipadzafunika dzanja lanu, kapena la amami, kapena la ahedi. Ndidzasaina ndekha. Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Ndikufuna kuti mukadzabwera, mudzabwere kudzaona, osati kudzaloleza.

Usiku woti mawa lake ndi mayeso, Madamu amachititsa chionetsero cha makolo, ndipo ndikupeka gule watsopano, wa munthu mmodzi. Pemphani tchuthi cha mu Juni, osati cha Disembala. Mukawauze akaputeni msanga. Koma mudziwiretu, Adadi: sitima ikachedwa, ine sindidikira. Nyimbo ikangoyamba, ndiyamba.

Mwana wanu,
Chiwala